Timasonkha za bokosi, tiyeni tisonkhenso za ulendo wa kuchipatala

Alimi anzathu, maliro akagwa m'mudzi palibe amene amatiphunzitsa chochita. Mfumu ikangolandira uthenga, anyamata amathamanga kukauza abale, adzukulu amalawira ndi makasu kumanda, amayi amabwera ndi mbale ya ufa aliyense, wina nkhuni, wina ndiwo, ndipo kope la chipepeso limayenda mpaka ndalama ya bokosi itakwana. Ngakhale mwezi wa February, pamene nkhokwe zili pululu, sitinamvepo kuti mwana wakhala masiku atatu osaikidwa kaamba kosowa thandizo. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo sitikuunyoza. Funso lathu ndi lakuti, ife amene timapeza ndalama ya bokosi m'maola ochepa, timakhala kuti pamene mwanayo ali moyo ndipo mayi wake akusowa yokwerera minibasi kupita naye kuchipatala chachikulu? Timapita kukazonda, inde. Timakhala pamphasa, kunena pepani, kenaka n'kubwerera kuminda kwathu. Ndalama ndiye timaisungira tsiku loipalo.

M'dzinja lapitali banja lina la m'kalabu imodzi mwa makalabu athu linadutsa m'njira imene ambiri a inu muizindikira. Dzina sititchula. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 6 anayamba kutupa tsaya mwezi wa December, chimanga chitangomera. Poyamba ankati ndi dzino. Kutupako kutakula, achibale ena anati izi n'za anthu, ndipo mbuzi yoyamba inathera kwa sing'anga. Atafika kuchipatala chaching'ono anawatumiza kuchipatala cha paboma, ndipo kumeneko anawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu mumzinda. Madokotala anapeza kuti ndi khansa. Anawauzanso mawu amene banjalo silinkayembekeza, akuti khansa yamtunduwu imachizika, mankhwala alipo, ndipo ndi aulere.

Mankhwalawo analidi aulere. Koma pofika mwezi wa March banjalo linali litagulitsa mbuzi zotsala, njinga, ndi thumba la feteleza wobereketsa limene linayenera kupita m'munda. Mayi anali kuchipatala ndi mwana, bambo ankayenda maganyu kuti apeze yotumiza, ndipo munda wawo unalowa thengo. Madokotala atawalola kupita kunyumba kuti abwerenso pa tsiku loikika kudzalandira mankhwala ena, tsikulo linawapeza alibe ngakhale ya ulendo. Anachedwa masabata atatu. Pamene tikulemba mwanayo ali moyo ndipo akupitiriza mankhwala, koma banjalo lakolola chimanga chosafika nacho August, komanso lili ndi ngongole ya katapila. Kalabu yawo, ya anthu abwino ndithu, inamva zonsezi ndipo inapepesa.

Tinene pang'ono za nthendayi, popeza ambiri timaiona osaidziwa. Khansa imene imagwira kwambiri ana kuno kwathu imatchedwa Burkitt lymphoma, potengera dzina la dokotala Denis Burkitt amene anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Imapezeka kwambiri m'madera a malungo ochuluka. Mwana amatupa tsaya kapena chibwano, mano amagwedera, diso limatha kutuzuka, ndipo ena amatupa mimba. Chotupacho chimakula msanga kwambiri, moti sabata iliyonse imene tataya kwa sing'anga kapena posakasaka ndalama imakhala yopweteka. Chabwino chake n'chakuti chimamva mankhwala. Koma mankhwala ake salandira kamodzi: mwana amayenera kubwerera kangapo, pa masiku amene adokotala aika, kwa masabata kapena miyezi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pomwe m'maiko ambiri osauka ochira safika 30 mwa 100. Zina mwa zifukwa zake ndi kufika mochedwa kuchipatala komanso kusiyira mankhwala panjira.

Ndipo kholo losiyira mankhwala panjira si kuti silikonda mwana wake. Kafukufuku amene anachitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre n'kusindikizidwa mu 2008, pofunsa anthu odwazika ana a khansa, anapeza kuti makolo anali ofunitsitsa kumaliza mankhwala, koma chimene chinkawadetsa nkhawa ndi ndalama ya ulendo, chakudya pamene ali kuchipatala, ndi ntchito zimene zaima kunyumba. Papita zaka zambiri koma mavuto atatuwa sanasinthe. Tatenga khansa ngati chitsanzo chabe. Zimenezi n'zimene amakumana nazo makolo a mwana wa nthenda ya mtima, wa sickle cell, wokula mutu kaamba ka madzi, wopsa ndi moto, kapena wamalungo aakulu amene atha magazi.

Choncho tikamati m'zipatala za boma thandizo ndi laulere, tikunena zoona, koma zoona zake n'zoperewera. Zipatala zazikulu m'dziko muno zilipo zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Khansa ya ana imathandizidwa makamaka ku Queen ndi ku Kamuzu. Kwa mlimi wa ku Chitipa kapena Karonga umenewo ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo ngakhale wa ku Nsanje kapena Mchinji amayamba walipira kabaza asanafike pamsewu wa minibasi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya maulendo inakwera, ndipo mtengo wa mtedza kapena soya wathu sunathamange liwiro lomwelo. Kuchipatala wodwala amalandira chakudya, koma wodwazika nthawi zambiri amadziphikira kuchitando, ndipo mumzinda nkhuni, makala, ndiwo ndi sopo zonse n'zogula. Pena mankhwala ena akatha amakulemberani kuti mukagule ku famase. Zonsezi sizilembedwa pa lisiti lililonse, koma ndizo zimatha chuma cha banja.

Koma chotaya chachikulu kuposa zonse, chimene ife alimi tokha timachimvetsa, ndi munda. Matenda a ana amachuluka m'dzinja, kuyambira December mpaka March, nthawi ya udzudzu ndi madzi oipa. Imeneyi ndi nthawi yomweyo yopalira, yothira feteleza ndi yobandira, komanso ndi nthawi imene chakudya chatha m'nyumba. Wodwazika mwana nthawi zambiri amakhala mayi, ndipo tonse tikudziwa kuti ntchito yambiri ya m'munda ili m'manja mwa amayi. Munthu wa pantchito ya tikiti akadwalitsa mwana, malipiro ake amabwerabe pakutha pa mwezi. Mlimi akasowa m'munda masabata atatu a January, wataya malipiro a chaka chonse. Ndiye matenda a mwana mmodzi amasanduka njala ya ana onse a m'nyumbamo, ndipo chaka chotsatira wina amasiya sukulu.

Banja likapanikizika limagwira chilichonse chili pafupi, ndipo sitingalidzudzule. Komabe tiyenera kuuzana kuti njira zina zimapha kuposa zinzake. Kugulitsa nkhuku kapena mbuzi n'kowawa, koma n'chifukwa chake timaweta. Vuto n'lakuti wogula akaona misozi amatsitsa mtengo, choncho ndi bwino kutuma mnansi wa mtima wokhazikika kuti akagulitse m'malo mwanu. Kugulitsa feteleza wotsika mtengo wa boma ndiye kugulitsa nsima ya chaka chamawa pa mtengo wa masiku ochepa. Chimodzimodzi kulandira ndalama kwa venda mwezi wa February polonjeza chimanga, fodya kapena soya amene ali m'munda. Mtengo amakhazikitsa ndi iyeyo, ndipo pokolola amabwera ndi matumba ake inu mukuonerera. Kubwereketsa munda kwa zaka zingapo nako kwasiya mabanja ambiri akugwira ganyu pamunda wa makolo awo.

Za katapila ndiye tisabise mawu. Wobwereka K50,000 amauzidwa kubweza K75,000, pena K100,000, pakutha pa mwezi, ndipo akalephera chiwongola dzanjacho chimaberekanso china. Matenda aakulu a mwana satha mwezi umodzi. Palibe munda m'dziko muno umene ungabereke mofulumira kuposa katapila. Tikudziwa kuti ena mwa ochita katapila ndi mamembala athu omwe, amene timakhala nawo pansi pa mtengo umodzi pamsonkhano. Kwa iwowa tikuti, kulemerera pa matenda a mwana wa mnzanu kulibe ulemu, ngakhale mutati munagwirizana.

Nanga thandizo lenileni lili kuti? Si lambiri, ndipo sitikufuna kukunamizani kuti kuli bungwe limene likudikira ndi ndalama m'manja. Koma zitseko zilipo zimene mabanja ambiri sagogoda chifukwa chosadziwa.

Choyamba ndi kutsata njira yake ya chipatala, popeza imapulumutsa ndalama. Yambani kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi, ndipo akakutumizani patsogolo onetsetsani kuti alemba m'buku la kuchipatala la mwanayo komanso akupatsani kalata. Wodwala wotumizidwa motere ayenera kunyamulidwa pa ambulansi ikakhalapo, choncho funsani tsiku limene galimoto la chipatala likupita mumzinda musanagulitse mbuzi. Buku ndi kalatayo musataye, ndipo ngati n'kotheka jambulitsani. Ndi umboni umene aliyense wofuna kukuthandizani adzaufunsa. Wina akakuuzani kuti mulipire kanthu pa thandizo limene ndi laulere m'chipatala cha boma, dziwani kuti kuyambira 2018 m'zipatala muli ofesi yolandira madandaulo, ya Hospital Ombudsman.

Mukafika kuchipatala chachikulu, musachite manyazi kuuza anamwino kapena adokotala kuti kwanu n'kutali ndipo simudzakwanitsa kubwerera pa tsiku limene aika. Nenani asanakutulutseni, osati mutafika kale kumudzi. M'mawodi ena a ana muli mabungwe amene amagwira ntchito limodzi ndi boma. Ku Queen, bungwe la World Child Cancer lakhala likuthandiza wodi ya ana a khansa, ndipo ku Kamuzu kuli ndondomeko ya Global HOPE imene inayamba mu 2017 mothandizidwa ndi chipatala cha Texas Children's cha ku America. Thandizo la ulendo kapena chakudya limadalira zimene zilipo nthawi imeneyo, koma amene sanene vuto lake sangaganiziridwe. Ku Queen komweko kuli Mercy James Centre, imene inatsegulidwa mu 2017, yochita maopaleshoni a ana. Ku Blantyre kulinso chipatala cha Beit CURE, chotsegulidwa mu 2002, chimene chimachita maopaleshoni a mafupa kwa ana, monga opindika mapazi kapena miyendo, popanda kulipiritsa makolo. Taonapo mabanja akusunga mwana m'nyumba zaka zambiri poganiza kuti opaleshoni yotere ndi ya anthu olemera.

Ambiri a ife chipatala chathu chapafupi ndi cha mishoni, cha pansi pa CHAM, ndipo kumeneko timalipira. Kuyambira 2006 boma lakhala likuchita mgwirizano ndi zipatala zambiri za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda, ndipo m'malo ena ana osaposa zaka 5, azithandizidwa mwaulere boma n'kulipira. Mgwirizanowu umasiyana chipatala ndi chipatala, choncho funsani komiti ya chipatala chanu kuti pakali pano ukukhudza ndani. Ngati bilu yakula, pitani kwa oyang'anira mukapemphe kulipira pang'onopang'ono, m'malo mothawitsa mwana usiku mankhwala asanathe.

Paboma lililonse pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kunena zoona, nthawi zambiri ofesiyi ilibe ndalama yopereka pamanja, koma imadziwa mabungwe amene akugwira ntchito m'bomalo, ndipo kalata yake imamveka kuposa pakamwa pathu. Ndi ofesi yomweyi imene imayendetsa Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo inafika m'maboma onse 28 mu 2018. Ndondomekoyi ndi ya mabanja osaukitsitsa amene alibe wowagwirira ntchito. Ndalama yake ndi yochepa, ndipo kulemba maina atsopano kumachitika patapita zaka, kotero banja limene lagwa lero silingalowe mawa. Komabe dziwitsani a komiti ya m'dera lanu kuti dzina lidziwike.

Pafupi kwambiri pali banki m'khonde. Magulu ambiri ali ndi kathumba kapadera ka zadzidzidzi, kamene membala amalandira popanda chiwongola dzanja. Kathumbaka ndi kabwino koma n'kakang'ono, ndipo magulu ambiri amagawana ndalama mu December kuti agule feteleza, moti bokosi limakhala lopepuka nthawi yeniyeni imene ana akudwala. Tikulangiza kuti pogawana, thumba la zadzidzidzi lisamagawidwe, lizipitirira chaka chinacho. Palinso mipingo ndi mizikiti, imene ili ndi magulu a amayi ndi a zachifundo, komanso abale amene ali m'tauni kapena ku Joni. Awa auzeni msanga ndipo auzeni zenizeni: dzina la nthenda, masiku obwerera kuchipatala, ndi mtengo wa ulendo umodzi. Munthu amapereka mosavuta akadziwa kuti ndalama yake ikukachita chiyani.

Masiku ano ena akupempha thandizo kudzera pa wailesi, pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ena athandizikadi, makamaka amene mwana wawo akufunika kukachitidwa opaleshoni kunja, popeza mndandanda wa boma wa odikira kutumizidwa ku India ndi wautali. Mukasankha njirayi, khalani ndi kalata ya chipatala ndi ya amfumu, perekani nambala imodzi yokha ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo zonse zolowa ndi zotuluka zilembedwe m'kope pamaso pa anthu awiri. Chithunzi cha mwana chisayende popanda chilolezo cha makolo ake, ndipo mwanayo ajambulidwe atavala. Chenjeraninso ndi akuba a pafoni. Wina akaimba kuti ndi wa bungwe lakuti, ndipo mutumize kaye kandalama kolembetsera kuti mulandire thandizo, ameneyo ndi mbava. Bungwe lenileni silipempha ndalama kwa wodwala.

Mukaonetsetsa njira zonsezi muona kuti iliyonse imafuna masiku, pena miyezi, pomwe banja likufuna ya ulendo mawa m'mawa, ndipo palibe ngakhale imodzi imene ingapalire munda. Apa ndi pamene pali malo a kalabu. Tinapanga makalabu kuti tizigula zipangizo pamodzi, tizigulitsa pamodzi, ndi kulankhula ndi mawu amodzi. Koma membala amene wagulitsa feteleza wake mu January sadzabwera ndi kanthu pamsika wa kalabu mu June, ndipo ngati munatenga ngongole ya pagulu, otsalanu ndi amene mudzamubwezere. Kuthandiza banja la mwana wodwala si chifundo chokha ayi, ndi kuteteza bizinesi yathu yomwe.

Maganizo athu ndi akuti kalabu iliyonse ikhale ndi thumba la matenda, ndipo lisonkhedwe pokolola, m'mbewu osati m'ndalama. Pokolola aliyense ali ndi kanthu, ndipo kutapa ndowa imodzi ya chimanga sikupweteka ngati kutulutsa ndalama mu February. Kalabu ya anthu 20, aliyense ndowa imodzi, ndi matumba 6 kapena 7 a makilogalamu 50. Chimangacho chikasungidwa bwino, chothira mankhwala kapena m'matumba a PICS, chimakwera mtengo pamene dzinja likuyandikira, pomwe ndalama yosungidwa m'kachitini imangotha mphamvu. Thumba limodzi kapena awiri agulitsidwe mvula isanayambe kuti msungichuma akhale ndi ndalama ya ulendo yokonzeka usiku uliwonse. Otsalawo ndi ufa wa wodwazika kuchitando ndi wa ana otsala pakhomo. Alimi a mpunga, mtedza kapena nandolo achite chimodzimodzi ndi mbewu yawo.

Mbali yachiwiri sifuna ngakhale tambala. Makolo athu anali ndi dima, pamene mudzi unkasonkhana kulima munda wa munthu mmodzi. Anthu 20 ndi makasu awo atha kupalira ekala m'mawa umodzi n'kubwerera kuminda kwawo dzuwa lisanafike pamutu. Tikupempha kuti likhale lamulo la kalabu, lolembedwa, kuti membala akagonekedwa ndi mwana kuchipatala kopitirira sabata m'nyengo yolima, anzake amupalirire, amuthirire feteleza wake ndi kumubandirira. Kusiyana kwake ndi dima lakale n'kwakuti banjalo lisaphike thobwa kapena nsima, aliyense adye kwawo. Ndipo abambo, pamene mayi ali kuchipatala, kuphikira ana otsala ndi kukawalandira mayiwo kwa masiku angapo si zochititsa manyazi. Mwanayo ndi wa nonse.

Tikudziwa zimene zidzanenedwe pamsonkhano, chifukwa tinazimvapo. Wina adzati thumbalo lidzadyedwa ndi a komiti. Mantha amenewa ali ndi maziko, popeza makalabu ambiri anafa kaamba ka msungichuma wa manja aatali. Mankhwala ake ndi omwe aja a banki m'khonde: makiyi kwa anthu osiyana, kope limodzi, ndi kuwerenga matumba pamaso pa onse pamsonkhano uliwonse. Wina adzati aliyense azingonena kuti mwana wadwala. Apa kalata ya chipatala ndiyo ikhale chiweruzo. Thumbali si la chimfine kapena malungo ongomwera mankhwala pakhomo, koma la mwana amene watumizidwa kapena wagonekedwa, ndipo kalabu igwirizane pasadakhale kuti banja limodzi lingalandire mpaka pati m'chaka. Winanso adzati, ine ana anga anakula, ndisonkherenji? Agogo, zidzukulu zimene mukulera zija n'zanu, ndipo tikuti mwana aliyense amene amadya m'nyumba ya membala awerengedwe, kaya ndi wobereka kaya ndi wamasiye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa funso lakuti ikhale ngongole kapena mphatso, ife tikuti ndalama ya ulendo ndi ufa zikhale mphatso. Banja limene likutuluka m'matenda aakulu silikhala ndi pogwira, ndipo kuliwonjezera ngongole n'kulikankhira kwa akatapila omwe aja. Amene wathandizidwa adzasonkha ndowa yake chaka chamawa monga wina aliyense. Ngati ali ndi ngongole ya zipangizo kukalabu, komiti ikhale naye pansi msanga n'kuona ngati angabweze m'nyengo ziwiri, m'malo modikira tsiku lokamulanda katundu.

Pali thandizo linanso limene alimi athanzi tingapereke osatulutsa ndalama, ndilo magazi. Mwana wamalungo aakulu kapena wa khansa nthawi zambiri amafunika kuwonjezeredwa magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana asukulu, moti sukulu zikatsekera magazi amachepa, ndipo tchuthi cha December chimagwa pomwe malungo akuyamba kuvuta. Mphekesera zakale za anamapopa zatiopseza mokwanira. Makalabu oyandikana atha kugwirizana ndi chipatala cha paboma kuti adzatenge magazi tsiku la msonkhano waukulu.

Tisamveke ngati tikuchotsa udindo m'manja mwa boma. Ndowa zathu sizingagule ambulansi. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri bajeti yathu yakhala ikuperewera pamenepa. Alimi timalipira msonkho pa sopo, pa mafuta ndi pa mbewu zimene timagulitsa, choncho tili ndi ufulu wofunsa. Tikupempha kuti mwana amene chipatala chachikulu chamuuza kubwerera pa tsiku lakuti, chipatala cha paboma chimunyamule kupita ndi kubwera, popeza n'kutaya chuma cha dziko kugula mankhwala okwera mtengo n'kulola kuti alephereke kaamba ka mtengo wa minibasi. Tikupempha kuti mgwirizano ndi zipatala za CHAM ufikire ana onse odwala kwambiri m'madera amene mulibe chipatala cha boma, komanso kuti boma lizilipira m'nthawi yake, chifukwa m'mbuyomu mgwirizanowu unaimapo kaamba ka kuchedwa kwa malipiro ndipo ovutika anali ife akumudzi. Tikupemphanso kuti Mtukula Pakhomo akhale ndi khomo lolowera mabanja amene agwa mwadzidzidzi kaamba ka matenda aakulu a mwana, osadikira kalembera wina. Aphungu ndi makhansala amene amabwera ndi bokosi pamaliro athu, tikuwapempha akanene zimenezi ku Nyumba ya Malamulo ndi kukhonsolo, ndipo oimira alimi m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera asatope kuzikumbutsa.

Pamene tikudikira yankho la boma, chimanga chili pakhomo ndipo mavenda afika kale ndi masikelo awo. Tikupempha wapampando wa kalabu iliyonse kuti aike nkhaniyi pamsonkhano wa mwezi uno, mbewu zisanathe kugulitsidwa. Gwirizanani kukula kwa ndowa, nyumba yosungira, anthu atatu oyang'anira, ndi amene adzayenera kudzutsidwa usiku mwana akadwala. Amfumu adziwitsidwe, ndipo mlangizi wa zaumoyo aitanidwe kuti adzafotokoze zizindikiro zimene siziyenera kugonetsedwa pakhomo. Alembi atumize ku ofesi ya bungwe lathu zimene mwagwirizana, ngakhale mutakana, pamodzi ndi zifukwa zake, kuti tidzazisindikize m'kope lotsatira. Kalabu ya banja tanena lija yayamba kale: yasonkha ndowa 17, ndipo ulendo wotsatira wa mwanayo walipiridwa.